Kukonzekera ulendo wachifundo wa ku South Pole mutachira kuvulala

Dokotala ndi a fiziyo (akatswiri othandiza thupi kuchira ndi mafizo) asanavomereze, musamange chingwe chokokera katundu m'chiuno.

Kuchoka ku Hercules Inlet, m'mphepete mwa Antarctica, kukafika ku South Pole, kumapeto a dziko lapansi chakumwera, ndi makilomita oposa 1,100, uku mukukoka katundu pa madzi oundana. Kuno ku Blantyre kulibe zimenezo, ndiye gulani matayala akutha ku Ndirande oti muziphunzirira kukoka. Mangani limodzi ndi chingwe cha mamita 3, muzilikoka mumsewu wafumbi chaku Michiru kwa mphindi 30. Tayala lachiwiri muonjezere pokhapokha povulalapo pakasiya kutupa.

A mwendo woikirira, chenjerani. Mukaonda, potsalira mwendo pamachepa, soketi (polowetsa potsalirapo) imakhwepa n'kumakhula khungu mpaka chilonda. Kozizirako thukuta limaundana, ndiye muzisintha masokosi akangonyowa.

Ndalama zachifundo muzitsegulire akaunti yakeyake. Zikasakanikirana ndi zaulendo, opereka amayamba kukayikira.