Momwe mungakopere odwala atsopano ku chipatala chanu cholipira

Za chiphaso, ukhondo ndi antchito odziwa ntchito yawo sindizilongosola pano, chifukwa amene sanakonze zimenezi sayenera kuyamba kuitana odwala. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi njira imene munthu amene sanafikepo pachipatala chanu amadutsa kuti akupezeni, popeza odwala ambiri atsopano amatayika panjira imeneyi dokotala asanawaone n'komwe.

Yambani mwawerenga malamulo otsatsira malonda a bungwe loyang'anira madokotala limene linakulembani m'kaundula. M'maiko ambiri dokotala amaloledwa kulengeza dzina lake, maphunziro ake, chithandizo chimene amapereka ndi nthawi yotsegulira, koma saloledwa kulonjeza kuti achiritsa matenda, kudzitama kuti amaposa anzake, kapena kuonetsa chithunzi cha wodwala popanda chilolezo chake. Mukawerenga malamulowo, sankhani ntchito ziwiri kapena zitatu zimene mukufuna kudziwika nazo. Chikwangwani chonena kuti mumathandiza matenda onse sichikopa aliyense, pamene chonena za sikelo ya amayi oyembekezera kapena kuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi chimafika pamtima pa munthu amene akufunadi zimenezo, ndipo odwala oterewa amabwera mobwerezabwereza.

Gawo lotsatira ndilo lofunika kulisamala kwambiri. Lembetsani chipatala pa Google Business Profile, imene mpaka 2021 inkatchedwa Google My Business, kuti chizioneka pa mapu munthu akafufuza dokotala wapafupi pafoni yake. Kulembetsaku n'kwaulere, ngakhale pali anthu amene amayendayenda m'zipatala kulipiritsa ndalama zambiri pantchito yomweyi. Mmodzi wa iwo anatilembetsera chipatala chathu pogwiritsa ntchito imelo yake, naika chizindikiro cha chipatala pamsewu wina wofanana dzina ndi wathu. Odwala ankaimba foni ataima pakhomo la nyumba ya anthu ena, ena atanyamula mwana wotentha thupi, ndipo amene anatopa kufunsa njira anangolowa chipatala china. Pamene tinkafuna kukonza, munthuyo anali atasiya kuyankha foni, ndipo tinachita kupempha Google kuti itipatse umwini wa tsambalo, kenaka kutsimikizanso kuti malowo ndi athu, odwala akusocherabe nthawi yonseyo.

Choncho lembetsani ndi imelo ya chipatala ndipo nambala yachinsinsi isungidwe ndi mwini wake. Ngati wina akukuthandizani, muikeni ngati wothandizira chabe, umwini ukhale wanu. Mukamaliza, tengani foni ya munthu wina, tsatirani mapuwo kuchokera patali, ndipo muone ngati akufikitsani pakhomo penipeni. Ikaninso chithunzi cha khomo lolowera monga limaonekera munthu ali pamsewu, ndipo nthawi yotsegulira muzisintha pamasiku a tchuthi, chifukwa wodwala amene wapeza chitseko chotseka foni ikunena kuti mwatsegula sabwereranso. Anthu omwewa amagulitsanso ndemanga zabodza zoyamikira chipatala. Zikaneni, popeza malamulo a Google amaletsa zimenezi, ndipo ikazitulukira imazifufuta kapena kuimitsa tsamba lonse. Poyankha ndemanga yodandaula, musatchule matenda a munthuyo kapena kuvomereza pagulu kuti anathandizidwapo kwa inu; mupempheni kuti aimbe foni mukambirane.

Foniyo iyenera kukhala ndi woiyankha. Wolandira odwala adziwe mtengo woonana ndi dokotala, masiku amene dokotala aliyense amapezeka, ndi makampani a inshuwalansi amene mumalandira, kuti asamauze munthu kuti abwere adzamve konkuno. Kubisa mtengo kumachititsa anthu kuganiza kuti ndi wokwera kuposa mmene ulili. WhatsApp Business, imene inayamba mu 2018, imatha kutumiza yokha uthenga wolonjera ndi wodziwitsa kuti mwatseka, ndipo mu uthenga wachiwiriwu lembani kumene munthu wodwala mwakayakaya angathamangire usiku. Musaike odwala m'gulu limodzi la WhatsApp, chifukwa aliyense amaona nambala za anzake. Wodwala watsopano aliyense afunsidwe kuti anakudziwani bwanji, ndipo yankho lilembedwe m'kaundula pambali pa dzina lake.

Kenaka yenderani ogulitsa mankhwala, malabotale ndi madokotala anzanu a m'dera lanu, muwauze zimene mumachita. Amene wakutumizirani wodwala mlembereni kalata yaifupi yofotokoza zimene mwapeza, ndipo adzakutumiziraninso wina. Kulipira munthu chifukwa chokutumizirani odwala n'kosemphana ndi malamulo a ntchito ya udokotala. Kulowa mgwirizano ndi makampani a inshuwalansi kumabweretsa anthu ambiri, koma funsani anzanu ngati kampaniyo imalipira msanga, chifukwa ena amachedwetsa ndalama miyezi ingapo inu mutagula kale mankhwala.

Kutsatsa kolipira pa Facebook kubwere pomalizira, ndi ndalama zochepa, mutasankha kuti uthenga uzifika kwa anthu okhala pafupi okha. Patapita miyezi itatu, werengani mayankho a m'kaundula muja, ndipo njira imene sinabweretse odwala muisiye.