Momwe mungaphunzitsire coordinate geometry ndi phulusa, zikhomo ndi chingwe cha mbuzi

Aphunzitsi anzanga a masamu, ambirife mutu umenewu timauyamba mofanana: ma formula anayi pabolodi, ana akopera, belu lalira, tatuluka. Inenso ndinkatero pa CDSS ina kuno ku Mulanje, mpaka tsiku lina mtsikana wa Fomu 3 anandipezera mtunda wa pakati pa mapointi awiri n'kulemba kuti ndi -5. Anachita kudula mizere iwiri kunsi kwake. Nditayang'ana m'kope ndinapeza kuti (-3)² waisandutsa -9, (-4)² waisandutsa -16. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, kuchoka pa Chitakale kukafika ku Boma ungayende makilomita a negative?" Iye anati, "Ayi aphunzitsi, koma formula ndi imene yatero." Kwa iye formula inalibe chibale ndi nthaka imene amaponda. Kuchokera pamenepo mutuwu ndimauyambira panja.

Zofunika

Zingwe ziwiri zazitali, chilichonse mamita 16, china cha mamita 12, ndi china cha mamita 5. Zikhomo zingapo, ndowa ya phulusa la kukhitchini, ndi tepi yoyezera imene mungabwereke kwa mmisiri womanga nyumba. Sankhani tsiku louma. Kuno nyengo ya chiperoni ikafika, phulusa limasanduka phala musanamalize n'komwe kujambula.

Choyamba: yalani graph pabwalo

Khomani chikhomo pakati pa bwalo la mpira. Pamenepo ndi pa (0,0). Chingwe chimodzi chachitali chiloze kuphiri, chimenecho ndicho y-axis. Ana athu sasokoneza kumene kuli phiri, ndiye "kuphiri ndi positive, kumbuyo ndi negative" zimalowa msanga.

Kuti x-axis idutse mowongoka bwino, tengani chingwe cha mamita 12, mangani mfundo pa mamita 3 ndi pa mamita 7, ana atatu achikoke chikhale triangle ya 3, 4, 5. Amisiri amachita zomwezi poyala maziko a nyumba, ndipo nthawi zambiri m'kalasi mumapezeka mwana amene anaonapo bambo ake kapena malume ake akuchita. Mpatseni iyeyo atsogolere. Mukatero thirani phulusa pa mita iliyonse m'zingwe zonse ziwiri.

Tsopano itanani mapointi, mwana aliyense akaime pake. Lamulo n'limodzi: yamba wayenda cham'mbali, kenako kuphiri. Wa (2,5) ndi wa (5,2) akaima malo osiyana n'kuyang'anizana, nkhani yosinthanitsa x ndi y yathera pomwepo. Mukhoza kuwauzako kuti nzeru yolozera malo ndi manambala awiri inatchuka ndi René Descartes wa ku France m'chaka cha 1637, n'chifukwa chake timati Cartesian plane. Musatayepo nthawi.

Chachiwiri: mtunda

Apa ndiye pagona mutu wonse, musathamange. Imikani mwana pa (1,2), wina pa (4,6). Wachitatu ayende kuchoka kwa woyamba kupita kwa wachiwiri motsata malamulo: mamita 3 cham'mbali, mamita 4 kuphiri. Wayenda 7. Ndiye funsani: "Nanga wodulira njira, monga mumachitira m'munda wa tiyi mukachedwa kusukulu, ayenda mamita angati?" Alekeni aganizire, kenako ayeze ndi tepi. Apeza 5. Thirani phulusa m'njira zonse ziwiri, triangle ioneke. Dikirani. Wina atchula yekha Pythagoras.

Bwerezani ndi mapointi okhala mbali ya negative, monga (-2,-1) ndi (4,7). Woyenda awerenge mokweza podutsa y-axis: kuchoka pa -2 kufika pa 4 ndi mamita 6, osati 2. Kuchoka pa -1 kufika pa 7 ndi 8, ndipo tepi ipereka 10. Mukadzalemba 4 - (-2) pabolodi, miyendo idzakhala ikudziwa kale yankho. Pindani chingwe cha mtundawo pakati, pamene pagwere mfundo ndi pa midpoint, (1,3). Zimenezi mphindi zisanu zakwana.

Formula lembani mutabwerera m'kalasi, ndipo aipange okha kuchokera pa zimene ayenda.

Chachitatu: gradient ndi mzere

Aliyense amene anakwerapo phiri kudzera ku Likhubula, kapena anatsitsidwapo pa kabaza kuti akankhe nawo njinga pachitunda, akudziwa kuti zitunda zimasiyana ukali. Gradient ndi nambala ya ukaliwo: wakwera zingati pa mita iliyonse imene wapita cham'mbali. Pa ana awiri aja a (1,2) ndi (4,6), ndi 4/3.

Perekani lamulo lakuti y = 2x + 1. Ana asanu atenge x kuyambira -2 mpaka 2, aliyense awerengere y yake, akaime. Adzapezeka pa (-2,-3), (-1,-1), (0,1), (1,3) ndi (2,5), ali ndondondo. Wolakwitsa amaonekera patali, anzake n'kumukuwa, inu osalankhula kanthu. Gulu lachiwiri lichite y = 2x - 3. Mizere iwiriyo iyenda limodzi osakumana, ngati mizere ya tiyi. Afunseni chofanana n'chiyani m'malamulo awiriwo, chosiyana n'chiyani. Atulukira m ndi c za mu y = mx + c inu musanazitchule maina.

Za mizere yodutsana pa 90°, imikani gulu lina pa mzere wa gradient -1/2 wodutsa pa (0,1), monga pa (-2,2) ndi (2,0). Ayeze ngodya ndi triangle ya mmisiri ija, kenako achulukitse ma gradient awiriwo, 2 ndi -1/2, apeza -1.

Chachinayi: mbuzi

Ili ndilo gawo limene ana saiwala. Mangani chingwe cha mamita 5 pa chikhomo cha (0,0). Pemphani wodzipereka kukhala mbuzi (sasowa, amachita kulimbirana), agwire nsonga ya chingwe, achikoke chilimbe, azungulire uku mnzake akuthira phulusa m'mapazi mwake.

Circle yatuluka. Musalembe equation. Auzeni apeze mapointi onse a manambala athunthu amene ali paphulusapo. Alipo 12: (5,0), (0,5), (3,4), (4,3) ndi abale awo a negative. Pa iliyonse achite square x, achite square y, aphatikize. 25, 25, 25. Ndiye funsani chifukwa. Yankho lake n'lakuti chingwe sichitalika, mtunda wochoka pachikhomo ndi 5 paliponse. Choncho x² + y² = 25 si formula yatsopano yoti aloweze ayi, ndi ya mtunda yomwe ija.

Kenako bweretsani mlandu wa m'mudzi. Chinangwa cha aneba chili pa (4,4): mbuzi idya chigwada kapena ayi? 16 + 16 ndi 32, yaposa 25, chapulumuka. Nanga nandolo wa pa (2,3)? 13 yokha. Konzekani kukaonekera kwa amfumu.

Zulani chikhomo, mukakhome pa (2,1), mujambulenso. Pointi (5,5) ili pa circle yatsopanoyi, koma 25 + 25 si 25. Alekeni avutike pang'ono. Wina adzazindikira kuti tiyenera kuyezera pachikhomo, osati pa (0,0): cham'mbali 5 - 2, kuphiri 5 - 1, ndiye 9 + 16. Apo mwafika pa (x - 2)² + (y - 1)² = 25, ndipo minus amene amawasokoneza uja ali ndi chifukwa chake.

Chachisanu: bwererani pabolodi

Mayeso a MANEB salembedwa ndi phulusa, ndiye mapiriyodi otsatira akhale a choko ndi kope. Tambasulani equation yachiwiri ija ikhale x² + y² - 4x - 2y - 20 = 0, kenako abwerere chammbuyo ndi completing the square mpaka apezenso chikhomo ndi chingwe. Ngati completing the square inawavuta pa quadratic, iwavutanso pano, ndiye ibwerezeni kaye.

Kwa amene akuthamanga, apatseni njira ya anthu yodutsa pamene mbuzi ikudya: y = x + 1 pa circle ya x² + y² = 25. Akalowetsa apeza x² + x - 12 = 0, ndiye x ndi 3 kapena -4. Njirayo ilowa pa (-4,-3) n'kutuluka pa (3,4). Tangent ya pa (3,4) imangokhudza n'kupitirira: chingwe chili ndi gradient 4/3, tangent -3/4, equation yake 3x + 4y = 25.

Pochonga yang'anirani zinthu ziwiri. Ena akaona (x - 2)² amati centre ili pa -2. Ena akaona 25 amati radius ndi 25. Ine sindilembanso zambiri m'mphepete mwa kope, ndimangofunsa kuti, "Chingwe cha mbuzi chinali mamita angati?"

Ngati muli ndi foni yamakono, pulogalamu ya masamu yotchedwa GeoGebra ndi yaulere ndipo imaonetsa bwino circle ikusuntha mukasintha manambala. Koma foni imodzi pa kalasi yodzaza amaiona ndi a kutsogolo okha, ndiye ine ndimaitulutsa pa gulu la anthu asanuasanu, ena akulemba ntchito. Ya kunyumba ndimawapatsa iyi: circle ya pakati pa bwalo la mpira wamiyendo ili ndi radius ya mamita 9.15. Alembe equation yake, kenako anene ngati wosewera amene waima pa (6,7) poyamba mpira ali m'kati kapena kunja.