Yeretsani ngalande chizimalupsa chisanagwe

Inu okhala ku Ndirande, Mbayani, Kawale ndi Mchesi, komanso alimi a m'madimba a m'mbali mwa Mudi ndi Lilongwe, nthawi yotchinjiriza mitsinje yathu ku pulasitiki ndi mwezi wa Okutobala, mvula isanayambe.

Jumbo siwola. Ikaombedwa ndi dzuwa chilimwe chonse imangonyenyeka, kusanduka tizidutswa tosafika mamilimita 5, tina tosaoneka n'komwe ndi maso. Matayala a minibasi akamaperepeseka pa tala amasiyanso fumbi lotere, ndipo zovala za nayiloni zimathothoka ulusi tikamachapa. Zonsezi zimaunjikana m'misewu ndi m'ngalande kuyambira Meyi. Mvula yoyamba yamphamvu imakokolola mulu wonsewo kamodzin'kamodzi. Za ku Blantyre zimatsikira ku Shire, za ku Lilongwe zimadzera mu Linthipe mpaka kunyanja ku Salima, kumene timagula usipa ndi chambo.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi suweji. Mapaipi ake sanapangidwire madzi a padenga kapena a pabwalo. Komatu alipo amene amalowetsamo madzi a mvula, ena amaba zivundikiro zachitsulo, ena amatayira matewera a ana, nsanza ndi mapadi m'chimbudzi cha madzi. Paipi ikatsekeka, mvula n'kubwera, zonyansa zimasefukira pamsewu n'kulowa mumtsinje zisanafike kumalo oyeretsera. Pamenepo tanyamula mavuto awiri, pulasitiki ndi tizilombo ta kolera.

Choncho gwirizanani ndi amfumu kapena mabuloko lida, mufukule ngalande za m'dera lanu zikadali zouma. Zimene mwatulutsa musaziunjike m'mphepete mwa ngalande yomweyo, chifukwa zibwereramo usiku umodzi. Patulani: masamba ndi makoko apite kudzenje la manyowa, mabotolo kwa ogula zobwezeretsanso, zotsala kumalo amene khonsolo imatenga zinyalala. Musawotche, utsi wake umapweteka chifuwa. Pamene ngalande ikuthira mumtsinje ikanipo sefa wa waya, koma muzichotsapo zinyalala mvula ikangokata, apo ayi madzi alowa m'nyumba za anthu. Mukaona suweji ikutuluka, uzani khonsolo tsiku lomwelo.

Kumsika nyamulani dengu kapena chikwama cha nsalu. Majumbo opyapyala, osafika ma micron 60 kukhuthala kwake (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), adaletsedwa ndi malamulo a 2015, ndipo khothi la Supreme lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019.

Alimi a m'dimba, madzi akadali ofiira mvula itangogwa kumene, musatunge. Dikirani mtsinje utsike ndi kuyera. Ngati n'kotheka tungirani m'mgolo, akhazikike, ndipo muwasefe pansalu pothira mu kheni. Izi zimagwira tizidutswa tikulutikulu tokha, choncho thirirani patsinde osati pamasamba a mpiru. Matope a m'ngalande za m'tauni musamawathire m'mabedi ngati manyowa, ngakhale akuoneka akuda bwino, pakuti pulasitiki yolowa m'nthaka imakhalamo zaka zambirimbiri.