Kuphunzitsa mawu olumikiza ziganizo m'Chingerezi cha pantchito

Aphunzitsi, mwafunsa mmene mungathandizire ophunzira anu a ku Luchenza amene akufuna ntchito yaukalaliki m'maesiteti a tiyi, koma makalata awo amangoti "and, and, and".

Choyamba, musawaunjikire mawu ambiri. Anayi akwana: because, therefore, however ndi in addition.

Kenako lembani pabolodi ziganizo ziwiri zoima pazokha: "The road was flooded. The tea arrived late." Azilumikize okha. Apa ndiye musathamange, chifukwa ambiri amasokoneza because ndi therefore. Because imatsogolera chifukwa, pomwe therefore imatsogolera zotsatira zake. Wina alembe "The tea arrived late because the road was flooded", mnzake atembenuze: "The road was flooded. Therefore, the tea arrived late." Awerenge mokweza mpaka khutu lizolowere.

Aonetseninso kuti however ndi therefore zikayamba chiganizo, pambuyo pake pamabwera mpatuliro. Ambiri amauiwala, ndipo bwana wowerenga kalata amaona msanga.

Akatero, aliyense alembe imelo yaifupi yopepesa kasitomala wa ku Limbe kuti katundu wachedwa. Asinthane mapepala n'kudula mzere kunsi kwa mawu olumikiza onse. Pochonga, yang'anani mawu amenewo basi, zolakwika zina mudzazione tsiku lina.