Maondo akamavuta, musamangodalira brufen wa pagolosale

Chiperoni chikangoyamba mu June, makomo amene ndimayendera ku Bangwe ndi ku Ndirande nkhani imakhala imodzi, maondo, chiuno, zala zokanika kupinda m'mawa. Sabata yatha mayi wina anandionetsa brufen ndi indocid, akuti akumwa zonse ziwiri daily kuyambira chaka chatha chifukwa anatopa kulawirira 4 koloko kukaima pamzere kenako nkuuzidwa kuti mankhwala kulibe mukagule ku famase. Kutopako ndikukumvetsa ndithu, koma mtima unandiwawa.

Abale anga, brufen, indocid ndi diclofenac ndi mtundu umodzi, osaphatikiza. Mukamwa miyezi yambiri amayambitsa zilonda za m'mimba, amaononga impso komanso amakweza BP, makamaka kwa achikulire ndi odwala shuga. Mukaona chimbudzi chakuda bii, siyani pompo mupite kuchipatala. Panado ndi wofatsirapo koma naye asapitirire mapilitsi 8 a 500mg pa tsiku. Prednisolone wogula nokha ayi ndithu, ululu amachotsadi koma pang'onopang'ono amafooketsa mafupa nkukweza shuga.

Komanso zonse timangoti nyamakazi pomwe ndi matenda osiyana. Bondo lopweteka mukayenda kapena potsika chitunda nthawi zambiri ndi kuperepeseka kwa m'mfundo, kumabwera ndi ukulu, thupi lolemera ndi ntchito zosenza. Zala za manja onse awiri zotupa, zouma kupitirira ola lathunthu m'mawa, imeneyo ndi ina, imafuna kuyeza magazi ndi mankhwala ake msanga zala zisanapindikiretu. Chala chachikulu chakuphazi chotupa usiku ngati mwaponda moto ikhoza kukhala gauti, apa mowa ndi zam'kati muchepetse. Koma mfundo ikatupa, nkutentha, thupi nalo nkutentha, musagone nazo, pitani tsiku lomwelo.

Chomwe ndimalimbikira kwambiri ine ndi ichi, bondo lodwala likangokhala limaumiratu. Khalani pampando, wongolani mwendo, werengani mpaka 10, tsitsani pang'onopang'ono, kakhumi mwendo uliwonse, m'mawa ndi madzulo. Poyamba nyowetsani kansalu m'madzi ofunda muike pabondopo mphindi 15. Zimaoneka zachibwana eti, koma minofu ya pantchafu ikalimba imalandira katundu amene bondo limasenza lokha, ndipo phindu lake muliona pakatha masabata angapo, osati mawa. Kuyenda yendani ndithu koma sankhani podambalala, madzi tungani m'chigubu chaching'ono maulendo awiri m'malo mosenza ndowa ya malita 20 pachitunda. Ndodo musachite nayo manyazi, igwireni dzanja la mbali yomwe sikupweteka. Kunjuta kuchimbudzi kukamavuta uzani kalipentala akukhomereni kampando koboola pakati.

Za kuchipatala, yambirani kuhelofi senta yakwanu, kaya Zingwangwa kaya Limbe, mupemphe kuti akulembereni m'buku kuti mukaonane ndi a mafupa kapena a fiziyo (othandiza ndi masewera olimbitsa mfundo ndi minofu) ku Queens. Ku chipatala cha Kachere nakonso amathandiza za fiziyo. Bukulo musamasinthe chisawawa, chifukwa dokotala akaona kuti mwabwera kasanu ndi vuto lomwelo ndipo panado sakuthandiza, ndi pomwe amaganiza zoyeza zina. Mufunseni dzina la matenda anu, alembe. Ngati simunathandizidwe bwino funsani ofesi ya ombudsman wa pachipatalapo, amene amamva madandaulo a odwala.

Amene muli pa sikimu yolipirira kuchipatala, ndikudziwa ukali wake, amakudulani pamalipiro mwezi ndi mwezi koma tsiku la ekisileyi mukumva kuti pali shotifo (ndalama yoti muwonjezere nokha), kapena ndalama za chaka chino zatha. Musanapite kokajambulitsa imbani kaye kusikimuko mufunse kuti alipira zingati, fiziyo amalola maulendo angati pa chaka, ndipo ngati pakufunika chilolezo kaye dokotala alembe kalata. Matenda amene munali nawo musanalowe sikimu nthawi zambiri amakudikiritsani kaye, funsani kuti mpaka liti. Akakana kulipira musangokalipa pafoni, auzeni akulembereni chifukwa chake, kenako mudandaule polemba kalata, kope imodzi musunge. Malisiti onse ajambuleni pafoni tsiku lomwelo, aja a pamakina amafufutika msanga.