Agogo Akafooka, Musathamangire Kunena Kuti "Ndi Ukalamba Basi"

Tiyerekeze agogo awiri, onse a zaka 80, ndipo onse adwala chifuwa sabata imodzi. Oyamba apeza bwino pa masiku atatu, ayambanso kudzichapira okha. Achiwiri chifuwa chatha ndithu, koma sakutha kudzuka pampando popanda wowagwira dzanja, usiku mutu ukuwasokonekera, mkodzo ukuwapulumuka. Matenda amodzi, zaka zofanana. Chasiyana n'chiyani?

Anamwino ndi madokotala a okalamba amati agogo achiwiriwa ndi ofooka, zomwe pa Chingerezi amati frailty. Sakunena za kuchuluka kwa zaka, sakunenanso za kulumala. Akunena kuti nkhokwe ya mphamvu m'thupi yatsala pang'ono kuuma, moti kavuto kakang'ono, kaya kudzimbidwa, kaya mankhwala atsopano, kamamugwetsa munthu kotheratu, ndipo nthawi zambiri sabwerera pomwe anali.

Akatswiri eni ake amayeza nkhaniyi m'njira ziwiri. Mu 2001, Linda Fried ndi anzake a ku Johns Hopkins ku America anatchula zizindikiro zisanu: kuwonda mosafuna ndi makilogalamu 4.5 kapena kuposa pa chaka, kutopa kosatha, kuchepa mphamvu m'manja, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kungokhala osachita kanthu. Zikapezeka zitatu, munthuyo ndi wofooka. Chimodzi kapena ziwiri, ali pakhomo pa kufooka. Kenneth Rockwood wa ku Dalhousie University ku Canada iye amawerenga mavuto onse amene munthu wasenza, monga matenda, kuiwala, kusamva, kusaona bwino, chifukwa akamachuluka thupi limalephera kudzikonza. Mu 2005 gulu lake linatulutsa muyeso wa kufooka wa magawo 7, womwe pambuyo pake unafika pa magawo 9.

Kwa inu amene mumasamalira okalamba tsiku ndi tsiku, ine ndimalimbikitsa njira ya mpando ndi wotchi, poti sifuna makina. Akhazikeni agogo pampando wolimba. Ikani chizindikiro pansi pa mtunda wa mamita 3. Auzeni kuti: "Agogo, dzukani, mukafike apo, mutembenuke, mubwerere mudzakhalenso." Ngati amayenda ndi ndodo, aitenge. Masekondi akafika 12 kapena kupitirira, dziwani kuti chiopsezo chogwa ndi chachikulu. Koma musamangoyang'ana wotchi. Onani ngati akudzikankha ndi manja podzuka, ngati mapazi akukhwekhwereza pansi, ngati potembenuka akufunafuna khoma loti agwire. Imani pafupi, musayime kutali ngati woonerera mpira. Onaninso zovala: siketi kapena buluku limene chaka chatha linkakwana bwino, lero akulimanga ndi chingwe, limenelo lakuuzani kale za kuwonda ngakhale mulibe sikelo.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri chimachokera m'chikondi. Munthu akaoneka wofooka, timamulanda ntchito zonse. "Khalani pansi agogo, tichita ndife." Minofu yosagwiritsidwa ntchito imasungunuka msanga, ndipo masiku ochepa ogona pabedi amatha kumuchotsera nkhalamba mphamvu zimene zingatenge miyezi kuti zibwerere. Mu 1990, dokotala Maria Fiatarone ku Boston ku America anaphunzitsa anthu 10 a zaka pafupifupi 90 kunyamula zolemera ndi miyendo kwa masabata 8, ndipo mwa amene anamaliza, mphamvu za miyendo zinaposa kuwirikiza kawiri. Ndiye kudzuka ndi kukhala pampando kangapo m'mawa ndi madzulo, kuyenda pang'ono tsiku lililonse, zimenezi ndi mankhwala ndithu. Ziyende limodzi ndi zakudya zomanga thupi. Agogo akamasiya chakudya m'mbale, yambani mwaona m'kamwa, mwina ndi dzino kapena zilonda.

Mankhwala nawo muwasamale. Wokalamba amene akumwa mitundu 5 kapena kuposa, tengani mabotolo ndi timapepala tonse mukaonetse dokotala, maka ngati pali ogonetsa kapena otsitsa kuthamanga kwa magazi, omwe amatha kuchititsa chizungulire. Musawasiyitse nokha.

Kusokonezeka mutu kobwera mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero sakuzindikira ana awo, kumeneko si kuiwala kwa ukalamba. Kawirikawiri pamakhala matenda obisika, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena mankhwala, ndipo kumafuna chipatala tsiku lomwelo. Kumeneko akakufunsani funso limene ambiri amalipeputsa: milungu iwiri asanadwale, agogo anali bwanji? Pa muyeso wa Rockwood yankho limenelo ndilo amaliona, osati mmene munthu akuonekera atagona pabedi. Musayankhe kuti "anali bwinobwino". Nenani kuti ankasamba okha, ankavala okha, koma kukwera masitepe anasiya mwezi watha.