Valavu ikamavinavina, yambani ndi mpweya

Control valve, valavu yoyendetsedwa ndi mpweya, ikayamba kukwera ndi kutsika yokha, a ku control room amathamangira kunena kuti PLC, kompyuta yolamulira makina, yapenga. Ine ndimati ayi, tiyeni kaye kuvalavu konko.

Musanagwire kalikonse, auzeni aopareta aike lupu yolamulira valavuyo pa manual, ndipo ngati pali bypass, paipi yolambalala valavuyo, atsegule. Palaini ya nthunzi musachite zachidule, nthunzi imasupula khungu.

Pansi pa regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya mpweya wopita kuvalavu, pamakhala kotulutsira madzi. Kamasuleni pang'ono. Mukaona madzi achikasu osakanikirana ndi oyilo, vuto mwaligwira kale mchira, chifukwa tinjira ta m'kati mwa positioner, yomwe imaika valavu pamalo olamulidwa, n'tating'ono ngati diso la singano, sitichedwa kutsekeka. M'dzinja muno chinyezi chikachuluka, drayala youmitsa mpweya wa kompuresa ikangofooka, madziwa amadzadza msanga. Onaninso geji ya mpweya. Actuator (mutu wokankha ndodo ya valavu) ya diaphragm ya 3 mpaka 15 psi kawirikawiri imapatsidwa mpweya wa 20 psi, komabe tsatani zolembedwa pakachitsulo kake. Pakani madzi a sopo m'majointi muone pomwe patuluke thovu. Mpweya ukamafwenthera osaleka pakabowo kopumira, mbali ya sipuling'i, ndiye kuti diaphragm yang'ambika.

Mpweya ukakhala bwino, lumikizani calibrator, kachipangizo kotumiza siginolo ya mA ku positioner. Pavalavu yotsegulidwa ndi mpweya, 4 mA ndi yotseka, 12 mA ndi theka, 20 mA ndi yotsegula yonse. 8 mA ndi 25 peresenti, 16 mA ndi 75 peresenti. Kwerani pang'onopang'ono, kenako mutsikenso, maso ali pandodo ya valavu. Apa ndi pomwe ambiri amapupuluma. Pa 12 mA ndodo iime malo amodzimodzi pokwera ndi potsika pomwe. Ikamaima duu, geji ikukwera, kenako n'kudumpha kamodzi n'kupitirira, musalimbane ndi positioner. Ndi packing imeneyo, chotseka mpata mozungulira ndodo: wina adamangitsa manati a gland oipanikiza pofuna kuletsa kudontha. Masulani pang'ono, mbali zonse mofanana, muyesenso. Ikadontha, packing yatha, isinthidwe valavu itatsekeredwa ndi kuphwetsedwa.

Pomaliza tsekani mpweya muone komwe sipuling'i ikankhire. Valavu ya mafuta opita ku burner iyenera kutseka, ya madzi oziziritsa nthawi zambiri iyenera kutsegula. Ikachita mosemphana, lembani ndipo muwauze akuluakulu tsiku lomwelo.

Chivindikiro cha actuator musachimasule musanaphwetse sipuling'i monga buku lake likunenera. Imakhala yopanikizika, ndipo mabawuti akatha imachivumbulutsira kumaso.